Ndalama za kusintha kwa nyengo: amasankha ndani poti zigwire ntchito?

Tonse tidaona m'mene nyanja idakwerera mu 2024, mpaka madzi kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa gombe. Chaka cha 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Pa wailesi timamva za ndalama zambiri zothandiza maiko osauka kukonzekera mavuto otere. Nanga zimathera kuti?

Mu 2017 bungwe lofufuza la IIED la ku London lidawerengetsa ndalama zoterezi, ndipo lidapeza kuti pa madola 10 aliwonse, yomwe imalembedwa kuti ikagwire ntchito kumadera kwenikweniko siikwana ndi dola imodzi yomwe. Vuto lagona pa njira. Thumba lalikulu ngati Green Climate Fund limapereka ndalama kudzera m'mabungwe okhawo amene lidawavomereza, ndipo pempho lake limafuna akatswiri olemba komanso nthawi yaitali yodikira. Komiti ya asodzi kapena ya amayi a m'mudzi siingafike pakhomo limenelo.

Ku Kenya adayesa njira ina, ndipo ndi imene tikufuna tiione bwino. Adayambira ku Isiolo, dera louma la oweta ziweto, kenaka njirayi idafalikira ku Wajir, Garissa, Kitui ndi Makueni. Boma lililonse laling'ono lidakhazikitsa thumba lake la za nyengo. Pa ndalama 100 zilizonse, 70 zimapita ku ntchito zosankhidwa m'dera la khansala, 20 ku ntchito za boma lonselo, ndipo 10 yokha ndiyo ya kayendetsedwe. Anthu a m'deralo amasankha komiti yawo, komitiyo imayendera midzi kumva zofuna za anthu, kenaka n'kulemba pempho. Akuluakulu a kuboma ntchito yawo ndi kuthandiza kulikonza pempholo. Likakwaniritsa mfundo zomwe adagwirizana, sangalitaye chifukwa choti iwo akufuna zina.

Zimene anthu adasankha zidali zosadabwitsa kwa mwini dera, koma mlendo sakadaziganiza. Ku Isiolo adakonza madamu ndi zitsime zakale, n'kutchingira malo omwera madzi kuti ziweto zisawaipitse. Adaikanso ndalama pa dedha, bwalo la makolo a mtundu wa Borana lomwe limalamula malo odyetsera ziweto m'dzinja ndi oyenera kusungidwira chilimwe. Apa ife tidakumbukira chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, nsomba n'kumaswana. Nzeru zotere zilipo kale kwathu kuno. Chosowa ndi mafuta a boti la olondera ndi zina zing'onozing'ono.

Chomwe chidalimbitsa njira ya ku Kenya ndi lamulo. Mu 2016 boma la Wajir lidakhazikitsa lamulo loti 2 pa 100 iliyonse ya ndalama zake za chitukuko izipita m'thumba limeneli chaka ndi chaka, kuti ntchito isaime opereka thandizo akachoka. Mu 2021 World Bank idavomereza madola 150 miliyoni othandizira kufalitsa njirayi m'dziko lonselo.

Sitikunena kuti komiti ya m'mudzi siilakwa. Ikhoza kugwidwa ndi anthu ochepa olankhula kwambiri, amayi ndi achinyamata n'kungokhala chete. N'chifukwa chake ife a m'mbali mwa nyanja tisamanyoze misonkhano ya VDC, ya ADC ndi ya komiti ya pagombe. Bungwe likabwera ndi ntchito ya za nyengo, tilifunse poyera kuti ndalama zonse ndi zingati, zofika m'mudzi ndi zingati, ndipo wasankha ntchitoyo ndani. Mayankho ake alembedwe papepala, limatidwe pamalo poti aliyense awerenge, monga timachitira ndi ndalama zomangira mzikiti.