Tiyi wa timibulu ta chinangwa: kodi angayende malonda pa Chitipa?

Ikangokwana 2 koloko masana, ana a sekondale akayamba kuweruka, pamsika wa Chitipa pamasintha. Mabenchi amene m'mawa amakhalapo anyamata a kabaza ndi alimi obwera ndi nyemba amadzaza ndi mayunifomu. Sabata yathayi ndinakhala maola awiri m'kashopu kena ka zakumwa pafupi ndi msikawu, komwe achinyamata amakonda kusonkhana, kuti ndione chimene chimawakoka.

Zogulitsa zake si zachilendo: thobwa lozizira, juwisi wa malambe, mafirizesi, mandasi ndi zitumbuwa. Zonsezi zikupezekanso pa mabenchi ena mumzere womwewo, pamtengo wofanana. Koma anawo amadutsa mabenchiwo n'kudzalowa muno. Chifukwa chake n'choonekeratu: pali pokhala pamthunzi, pali soketi yotchajira foni, nyimbo zikumveka chapansipansi, ndipo mayi mwini malowo sathamangitsa mwana amene wagula kapu imodzi n'kukhala theka la ola.

Sabwera mmodzimmodzi. Amalowa anayi kapena asanu, kusonkherana ndalama, kulawitsana, kujambulana. Mukakopa mmodzi, mwakopa gulu lonse.

Pafoni ya mtsikana wina, anzake anaunjikana kuonera kanema wa pa TikTok wa chakumwa chimene sindinachione pamsikawu: bubble tea. Funso la wamalonda ndi lakuti, kodi pali ndalama pamenepa?

Chakumwachi n'chiyani?

Bubble tea anayambira ku Taiwan m'zaka za m'ma 1980. Mashopu awiri a tiyi, Chun Shui Tang mumzinda wa Taichung ndi Hanlin mumzinda wa Tainan, aliyense amati anamuyambitsa ndi iye. Ndi tiyi wamkaka wozizira, wothira shuga, ndipo pansi pa kapu pamakhala timibulu tofewa totafuna, timene amatiyamwa ndi kapaipi kotakata.

Bizinesiyi yakula kwambiri. Kampani ya ku China ya Mixue, imene imagulitsa tiyiyu ndi ayisikirimu pamtengo wotsika, pofika mu 2025 inali ndi mashopu oposa 45,000, kuposa McDonald's. Sinakule ndi makasitomala olemera ayi. Inakula ndi ophunzira ndi antchito a malipiro ochepa, ogula pang'ono koma pafupipafupi.

Chodabwitsa n'chakuti timibulu timeneti amatipanga ndi sitachi ya chinangwa, chomwechi timalima ku Karonga ndi ku Nkhata Bay. Masamba a tiyi tili nawo ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Kawalazi. Shuga amachokera ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Zofunika zikuluzikulu zonse n'zathu.

Kapangidwe ka timibulu

Musatenge ufa wa kondowole. Chinangwa chake chimakhala chovikidwa masiku angapo, ndipo fungo lake siligwirizana ndi tiyi. Tengani chinangwa chozuna monga manyokola, osati chowawa, chifukwa chowawa chili ndi poizoni.

Sendani, tsukani, palani kapena sinjani mpaka chisalale. Thiranimo madzi aukhondo, finyani pansalu yoyera, madziwo muwasiye akhazikike. Pansi pa beseni patsala zoyera zolimba. Imeneyo ndiyo sitachi. Tayani madzi apamwamba, sitachiyo muiyanike.

Kenako wiritsani madzi pang'ono ndi shuga wabulauni, muwathire m'sitachi akadali owira, ndipo kandani. Madzi ofunda chabe sagwira, sitachi imangomwazika. Umbani timibulu tonga nandolo, tiphikeni m'madzi ambiri owira kwa mphindi 20 mpaka 30, tisiyeni movundikira kwa kanthawi, n'kutiviika m'madzi a shuga.

Vuto lake ndi ili: timibulu tophika sitigona. Pakapita maola ochepa timayamba kulimba, ndipo tikalowa m'firiji timauma ngati mwala. Zotsala madzulo n'zotaya, ndipo ndi mpamba wanu umene mukutayawo.

Werengani kaye musanagule makapu

Tiyerekeze, ndipo inu muikepo mitengo ya lero ya pamsika wanu. Mwakonza makapu 30. Mukaphatikiza tiyi, mkaka, shuga, chinangwa, makala, ayisi, kapu ndi chiphaso cha msika, kapu imodzi yakudyerani K700. Ndiye kuti mwalowetsa K21,000. Mukugulitsa pa K1,000. Onse akatha mwapeza K9,000. Mukagulitsa 21 mwangobweza mpamba. Mukagulitsa 20 mwaluza K1,000, pamwamba pa tsiku lonse la ntchito.

Nambala yofunika kuidziwa si phindu la pa kapu, koma makapu angati ayenera kutuluka kuti mpamba ubwerere. Ambiri timagwera pamenepa.

Pali zinthu zinayi zimene zingasokoneze sawerengero limeneli kuno.

Choyamba ndi shuga. Mu 2024 anasowa m'mashopu ndipo mtengo unakwera. Chitipa ili kumapeto kwa msewu, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Karonga, choncho katundu amafika atakwera kale ndi thiransipoti.

Chachiwiri ndi zinthu zoodetsa kunja. Makapu otsekera ndi timapaipi totakata mungafunike kukatifuna ku Nakonde, ku Tunduma kapena ku Mbeya. Kumeneko mumalipira ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira mmene mitengo inalumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Matambula olimba otsuka ndi supuni zingakupulumutseni poyamba. Kumbukiraninso kuti mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 ndi oletsedwa m'dziko muno.

Chachitatu ndi magetsi. Akazima, mkaka umasasa, ayisi amasungunuka. Mkaka waufa ndi cooler box zimachepetsa chiopsezo chimenechi.

Chachinayi ndi kalendala. Kasitomala wanu ndi mwana wasukulu, ndipo matemu alipo atatu pachaka. Holide ikafika benchi imakhala yokha, koma lendi siipita ku holide. Kuyambira May mpaka July kuno kumazizira, munthu amafuna tiyi wamoto. Nyengo ya zoziziritsa kukhosi ndi September mpaka November, pamenenso sukulu zimakhala zitangotsegulira.

Madzi ndi dzina lanu

Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'madera ena makhonsolo analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika. Amalonda aukhondo anavutikira limodzi ndi auve. Madzi a juwisi, a ayisi ndi otsukira makapu akhale owiritsa kapena othira klorini. Ikani chidebe cha mpopi ndi sopo poonekera. Mwana mmodzi akatsegula m'mimba, sukulu yonse imamva lisanalowe dzuwa, makolo nawo amamva. Pitaninso ku khonsolo mukafunse za chiphaso cha bizinesi ndi za oyendera zaumoyo musanatsegule, osati atakugwirani.

Ndiye tichite chiyani?

Musagulitse mbuzi kuti mutsegule shopu ya bubble tea. Yambani ndi zimene mukugulitsa kale. Ngati muli ndi tiyirumu kapena benchi ya thobwa, sankhani tsiku limodzi pasabata, monga Lachisanu, mukonze makapu khumi okha. Lembani m'kope: angati atuluka, nthawi yanji, ndani wabweranso sabata yotsatira. Amene wagula kamodzi wangolawa. Amene wabweranso ndiye msika wanu.

Ikani kapu yaing'ono ya mtengo wokwana m'thumba la mwana wasukulu. Mpatseni mwayi wosankha: shuga wambiri kapena wochepa, timibulu m'tiyi kapena m'juwisi wa malambe. Kusankhako sikukuonjezerani ndalama, koma kumampangitsa kumva kuti kapuyo ndi yakeyake. Kuchepetsa shuga kumathandiza thanzi lake ndi thumba lanu nthawi imodzi. Kuno tilinso ndi khofi wa ku Misuku, amene angakome wozizira ndi mkaka. Landirani Airtel Money ndi Mpamba, chifukwa ena amatumiziridwa ndalama pafoni. Za ngongole samalani: temu ikatha, wangongole amakwera basi ya ku Nthalire, inu kutsala ndi dzina m'kope. Ndipo musalole ana a yunifomu kukhala pamalo panu nthawi ya makalasi. Aphunzitsi ndi makolo akakuonani ngati wothawitsa ana kusukulu, bizinesi yathera pomwepo.

Pamene ndinkatuluka m'kashopu kaja, thobwa linali litatha, koma benchi inali yodzazabe. Mayi aja sanagule makina aliwonse. Anagula benchi, soketi ndi sopo. Kaya timibulu ta chinangwa tiyenda malonda pa Chitipa kapena ayi, kope lanu lidzakuuzani pakatha masabata anayi. Koma benchiyo mukhoza kuikhoma mawa.