NYUMBA YA KHOFI YOLEMBA NTCHITO ANTHU AMENE ENA AMAWAKANA

Anzanga ophunzira, zala za m'manja sizilingana. Anthunso salingana. Ubongo wa munthu aliyense umagwira ntchito m'njira yakeyake. Ena amaphunzira msanga, ena pang'onopang'ono. Lero tiwerenga za anthu otere, ndi za nyumba ina yogulitsiramo khofi ku dziko la France.

Down syndrome ndi autism

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. M'kachigawo kalikonse muli timaulusi 46 totchedwa makromozomu. Mwana wa Down syndrome amabadwa ndi 47. Mwana wotere amachedwa kuyenda ndi kulankhula, koma amaphunzira.

Mwana wa autism amavutika kucheza ndi anzake. Nthawi zina sayang'ana munthu m'maso. Phokoso limamsautsa. Amakonda kuti zinthu zizichitika monga mwa masiku onse.

Zimenezi si ufiti. Si tsoka lochokera kwa mizimu. Mayi sanalakwe, bambo sanalakwe. Sizipatsirana podyera mbale imodzi.

Chinachitika n'chiyani ku France?

Ku France anthu amakonda kukumana m'nyumba za khofi. Amakhala pansi, kumwa khofi ndi kucheza, monga momwe ife timachitira pabwalo kapena pamsika. Koma anthu a Down syndrome ndi autism sankapeza ntchito kawirikawiri. Olemba ntchito ankawakana.

M'chaka cha 2017 bambo wina wamalonda, Yann Bucaille-Lanrezac, anatsegula nyumba ya khofi mumzinda wa Rennes. Anaitcha Café Joyeux. Dzinali litanthauza nyumba ya khofi yachimwemwe. Analemba ntchito anthu omwe aja ena ankawakana. Anthuwo amaphika, amatcheza khofi, amalandira alendo ndi kuperekera zakudya. Amalandira malipiro monga wantchito wina aliyense.

Ntchitoyo inakula. Anatsegula nyumba zina ku Paris. M'chaka cha 2021 anatsegula ku Lisboa, m'dziko la Portugal. M'chaka cha 2024 anafika ku New York, ku America.

Ntchito imayenda bwanji?

Eni ake sanayese kusintha antchito. Anasintha kagwiridwe ka ntchito.

Mlendo akalowa amanena chimene akufuna, nalipira. Kenaka amapatsidwa kachidutswa kokhala ndi mtundu wakewake, monga kofiira kapena kobiriwira. Mlendo amakaika patebulo pake. Woperekera khofi amayang'ana mtundu umenewo, napita pa tebulo loyenera. Safunika kuloweza manambala. Sasokonezeka.

Ntchito yaikulu amaigawa m'zigawo zing'onozing'ono. Aliyense amaphunzira chigawo chimodzi mpaka atachidziwa bwino. Pambali pake pamakhala womuphunzitsa woleza mtima.

Phindu lake n'lotani?

Wantchito amapeza ndalama zakezake. Amapeza anzake. M'mawa amadzuka akudziwa kuti kwinakwake akumudikira.

Mlendo nayenso amaphunzirapo. Anthu ambiri sanalankhulepo ndi munthu wa Down syndrome. Pano amamupatsa moni, amalandira kapu kuchokera m'manja mwake, namuthokoza. Mantha amatha chifukwa cha kuonana tsiku ndi tsiku.

Nanga kuno kwathu?

M'midzi mwathu ana otere alipo. Ena amatsekeredwa m'nyumba kukabwera alendo. Ena sapita kusukulu. Ena amasekedwa panjira, natchedwa maina achipongwe. Mwana wobisidwa saphunzira kanthu. Makolo ake akamwalira, adzakhala bwanji?

M'chaka cha 2012 dziko lathu la Mozambique linavomereza pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu olumala. Panganoli limati anthu amenewa ali ndi ufulu wophunzira ndi wogwira ntchito.

Sitifunika nyumba ya khofi kuti tiyambe. Tili ndi dimba, chigayo, khola la nkhuku ndi malo ogulitsira tiyi pamsika. Munthu angathe kuthirira ndiwo, kutola mazira, kutsuka makapu kapena kusankha nyemba. Tizimuuza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tizimuonetsa ndi manja. Tisamukalipire akachedwa. Akagwira ntchito, alandire gawo lake.

Tikambirane

1. Kodi Down syndrome imayamba bwanji?
2. Kodi kachidutswa ka mtundu kaja kamathandiza chiyani?
3. Ndi ntchito iti m'mudzi muno imene tingaigawe m'zigawo zing'onozing'ono?
4. Kodi m'kalasi lathu lino muli malo a munthu wotere?