Fisi Akatola Fupa Sadyera Pomwepo: Titeteze Galimoto Zathu kwa Akuba

Aliyense amene adayendapo m'boma la Zomba nyengo ya dzinja akudziŵa kufunika kwa galimoto zokoka ndi matayala onse anayi, monga Land Rover ndi Land Cruiser. Mseu wa tara wa M3 umangodutsa pakati, kuchokera ku Blantyre kupita ku Liwonde, koma midzi yambiri ya ku Chingale, kuseri kwa phiri, ndi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa imafikika pa miseu yafumbi imene imasanduka matope okhaokha mvula ikagwa. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola miseu ndi milatho m'chigawo cha kummwera, galimoto zotere zidathandiza kufikitsa chakudya ndi mankhwala kumene zing'onozing'ono sizikadafika. Motero ikabedwa imodzi, wovutika si mwini wake yekha ai, komanso wodwala amene akudikira kumudzi.

Chifukwa chiyani akuba amazikonda?

Mphamvu imene timaikondera galimoto yotere ndi yomweyonso imene imakopa wakuba. Galimoto yaing'ono imatsata tara, kumene apolisi amatchinga mseu ndi kufunsa mapepala, pamene iyi ingathe kudzera njira za m'midzi mpaka kumalire. Dziko la Mozambique lili pafupi: kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, ku Nayuchi ndi ku Chiponde. Akulu adati fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Umbava wodutsa malire ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akuluakulu a polisi a maiko a kummwera kwa Africa adakhazikitsira bungwe la SARPCCO m'chaka cha 1995.

Chachiŵiri, galimoto zambiri zakale za dizilo zilibe kachipangizo koletsa injini kulira popanda kiyi wake weniweni. Chachitatu, wakuba safunikira kutenga galimoto yonse. Batire, jeke, magalasi a m'mbali ndi dizilo zimagulidwa msanga, ndipo pa galimoto zambiri zotere tayala la sipeya limakhala panja.

Ine ndidaphunzira mochedwa. Tsiku lina tidaimika galimoto yathu yapantchito pansi pa mtengo, n'kupita wapansi kukayendera zitsime. Pobwerera palibe amene adayang'ana kumbuyo kwake. Tayala litaphulika pa njira m'pamene tidazindikira kuti sipeya adamasula kalekale. Tidagona komweko, ndipo amayi amene adasonkhana m'maŵa mwake ku sikelo ya ana adabwerera osathandizidwa.

M'tauni

Wakuba amafuna zinthu ziŵiri: nthaŵi ndi malo opanda maso. Ntchito yathu ndi kum'mana zonsezi.

1. Musasiye injini ikulira kapena kiyi ali pomwepo, ngakhale mukungoloŵa mu msika wa Zomba kwa mphindi zoŵerengeka.

2. Mukakiya ndi batani, yesani chitseko ndi dzanja. Pali zipangizo zimene akuba amasokonezera batanilo kuti galimoto isakiyike.

3. Ikani chitsulo chokiyira chiongolero. Chimaoneka ndi munthu ali panja, ndipo wakuba wofulumira amasankha kupita pena.

4. Pemphani makaniko wokhulupirika akuikireni swichi yobisika yodula moto kapena mafuta. Malo ake adziŵe anthu ochepa.

5. Mangani sipeya ndi unyolo ndi loko, ndipo batire ndi chitsekero cha thanki muzitchinjirizenso.

6. Usiku galimoto igone mumpanda, pamalo oŵala. Ngati muli ndi mlonda, mum'lipire pa nthaŵi yake. Galimoto yapantchito igone kuntchito, makiyi asungidwe ndi munthu mmodzi, ndipo aliyense woŵatenga alembe m'buku.

Kiyi ndi wosavuta kusulitsa wina. Popereka galimoto ku galaja kapena kotsukitsa, pitani kwa anthu amene mumaŵadziŵa.

Pamwamba pa phiri

Phiri la Zomba ndi lalitali kupitirira mamita 2,000, ndipo ambiri amakwera kukaona damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe ndi malo oonerapo patali a Queen's View ndi Emperor's View. Kumeneko vuto ndi kusoŵa kwa anthu. Miseu ya m'nkhalango imakhala zii, nkhungu imagwa mwadzidzidzi, ndipo munthu akatsikira ku mathithi galimoto saionanso.

Tsono ngati mukufuna kuyenda wapansi nthaŵi yaitali, siyani galimoto pamalo pamene pali mlonda, monga pa hotela ya Ku Chawe, mutapempha chilolezo. Mukapita nayo kutali, mmodzi atsale nayo. Zikwama, mafoni ndi makamera musaziike pampando poonekera. Bisani musanafike, osati mutafika anthu akuona. Tsikani kusanade. Kachipangizo ka GPS kolondolera galimoto n'kothandiza, koma kamatumiza uthenga kudzera pa netiweki ya foni, choncho pamalo pamene netiweki ili yofooka musakadalire kokha.

Mapepala ndi inshuwalansi

Lembani nambala ya injini ndi ya chassis, ndipo jambulani galimoto mbali zonse pamodzi ndi zipsera zake. Akuba amasintha nambala yakunja ndi utoto, koma zizindikiro izi zimathandiza apolisi. Blue book isungidwe kunyumba kapena ku ofesi, osati m'galimoto. Dziŵaninso kuti inshuwalansi ya third party, imene lamulo limafuna, siilipira galimoto yobedwa. Imene imalipira ndi ya comprehensive.

Ikabedwa

Kanenani ku polisi nthaŵi yomweyo kuti uthenga ufike m'miseu ndi kumalire galimoto isanatuluke, kenaka dziŵitsani a inshuwalansi. Achifwamba akakuimitsani ndi zida, perekani makiyi osalimbana nawo. Galimoto imagulidwa ina, moyo sugulidwa.

Pomaliza, tisagule batire kapena tayala lotchipa kwa munthu wosadziŵika, pakuti wogula zakuba ndiye amatuma wakuba. Madzi akatayika saoleka. Madzulo ano musanaloŵe m'nyumba, zungulirani galimoto yanu kamodzi, muyese zitseko ndi kuona ngati sipeya ali m'malo mwake.