Ati ku Joni ayamba kugulitsa mpweya, nanga wa ku Nsanje si waulere?

Abale anga apamsika, inu amene mumakapikula mbuzi ku Ngabu ndi nsomba ku Bangula, nkhani ya lero ndi yanu. Pali malonda atsopano amene anzathu opita ku Joni akubwera nawo pakamwa, ndipo poti geni iliyonse imayambira pakamwa, ndati tikambirane katundu wake asanatsike pa Mwanza. Malondawo ndi mpweya. Eetu, mpweya womwewu umene timapuma osalipira ngakhale tambala.

Adandionetsa pafoni ndi alamu anga, amene amakaoda zovala ku Johannesburg. Chinthucho ndi chithumba chachitali ngati bwato, chili ndi zipi. Munthu umalowamo n'kugona chagada, eni ake amatseka zipi, kenaka makina amapopera mpweya m'katimo mpaka chithumbacho chitauma ngati tayala la njinga. Umakhalamo pafupifupi ola limodzi. Ati ukatuluka kutopa konse kwatha, tulo tikubwera bwino, khungu lasalala, ukalamba wabwerera m'mbuyo. Azungu amazitcha mild hyperbaric oxygen therapy. Alamuwo maganizo ao adali oti atenge mpamba wonse wa zovala, agule chimodzi, adzachiike m'kachipinda mu Limbe kuti mavenda otopa azidzalipira. Ndidawapempha kuti ayambe adekha, ndifufuze kaye.

Tiyambe ndi chinthu chimene nonse mukuchidziwa. Mukakwera minibasi ku Blantyre kupita kuchigwa, mukayamba kutsetsereka m'makhotamakhota muja kulunjika pa Thabwa, makutu amatseka ndipo mumameza malovu kuti atseguke. Si ufiti wa kuchigwa ayi. Mpweya uli ndi kulemera kwake, ndipo munthu ukamatsika, mpweya umene uli pamutu pako umachuluka n'kumakupanikiza kwambiri. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pamene pali nyanja ya mchere. Chigwa cha Shire ndiye pansi penipeni pa dziko lathu: pamene mtsinje wa Shire ukutulukira kulowa mu Mozambique, kummwera kwa Nsanje, ndi mamita 37 okha. Ndiye kuti wochoka mu Limbe n'kukafika pa Nsanje boma wawonjezera mphamvu ya mpweya ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mwinanso kuposerapo pang'ono, polipira ya minibasi basi.

Nanga chithumba chija? Zithumba zofewazi zimawonjezera pafupifupi magawo atatu mwa 10, chimodzimodzi kumira m'madzi mamita atatu. Tsono imvani izi. Johannesburg ali pamwamba kuposa Blantyre, mamita oposa 1,700, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Mukaphatikiza mpweya wopepukawo ndi umene chithumba chawonjezera, bwana amene wagona m'zipi ku Joni wangomuposa pang'ono chabe mkulu amene wakhala pansi pa mtengo wa mango kwa Tengani akusoka ukonde wake. Ndisawanamizire eni malondawa: ambiri amalumikizako kamakina kosefa okosijeni, ndiye wogonamoyo amapuma okosijeni wochulukirapo kuposa wa panja, amene ndi magawo 21 pa 100 alionse. Koma funso ndi loti, kodi thupi la munthu wosadwala likumufuna?

Magazi athu ali ngati lole ya matola. Timaselo tofiira ta m'magazi ndito timanyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'thupi lonse, ndipo mwa munthu wabwinobwino mipando 95 kapena kuposa pa 100 imakhala yodzaza kale. Mukathira mpweya wina pamenepo, okwera atsopanowo alibe pokhala. Ochepa amangosungunuka m'madzi a magaziwo, ngati anyamata olendewera kumbuyo kwa lole, ndipo mukangotuluka m'chithumba nawo amatsika posakhalitsa.

Apa wina anena kuti mkuluyu akudana ndi chitukuko. Ayi ndithu. Chithandizo chenicheni cha mtunduwu chilipo ndipo chimapulumutsa miyoyo, koma si cha zipi. M'zipatala zimene zili nacho ndi chithanki cholimba, mphamvu yake imafika kawiri kapena katatu kuposa mpweya wa kunyanja ya mchere, wodwala amapuma okosijeni yekhayekha ndipo dokotala amakhala pomwepo. Amene adachipatsa ulemu ndi dokotala wa maopaleshoni wa ku Amsterdam, Ite Boerema, m'zaka za m'ma 1950. Chimathandiza anthu omira pansi pa nyanja amene avuuka mofulumira, anthu amene apuma utsi wa poizoni, zilonda za kumapazi za odwala shuga zimene zikukana kupola, ndi zilonda zina zoola kwambiri. Chithumba chofewacho chiyambi chake ndi kumapiri: Igor Gamow wa ku America adachikonza kuti anthu okwera mapiri aatali ngati a Himalaya, akadwala chifukwa cha kupepuka kwa mpweya, aziwaikamo ngati kuti awatsitsira kuchigwa. Bungwe la boma la America loona za mankhwala, FDA, zithumbazi lidaziloleza pa ntchito imeneyo basi, ndipo mu 2021 lidachenjeza anthu kuti asanamizidwe ndi onena kuti mpweyawu umachiza khansa kapena matenda oiwala a ukalamba.

Kugulitsa mpweya si kwa lero. Mu 1928 ku Cleveland, dokotala wina dzina lake Orval Cunningham adamangitsa chimpira chachitsulo cha nsanjika zisanu, m'kati muli zipinda zogona ngati hotela, ati anthu azichiriramo matenda osiyanasiyana. Madokotala anzake adamufunsa umboni, umboni osaoneka, ndipo chimpiracho chidathera kwa ogula zitsulo zakutha. Mu 1986 chithunzi cha woyimba Michael Jackson atagona m'thanki yotere chidazungulira dziko lonse. Masiku ano ndi akatswiri a mpira ndi a mafilimu amene amajambulitsa ali m'katimo, ndipo munthu ukaona chonchi umaganiza kuti chinsinsi cha mphamvu zao ndi zipi, kuiwala kuti anthuwa amadya bwino, amagona mokwanira ndipo sasenza matumba a mbatata pa dzuwa la Okutobala pa Nchalo.

Ngozi nazo zilipo, ndipo alamu anga sadauzidwe. Makutu amatha kuphulika nembanemba, makamaka ngati uli ndi chimfine. Munthu amene mapapo ake adawonongeka, monga ena amene adadwalapo TB, sayenera kulowamo dokotala asanamuone. Choopsa kwambiri ndi moto, chifukwa pamene pali okosijeni wambiri kamoto kakang'ono kamasanduka ng'anjo. Mu Januwale 2025 ku Troy, m'chigawo cha Michigan ku America, mwana wa zaka zisanu adafa thanki yotere itaphulika iye ali m'kati. Kumeneko ndi ku America. Nanga m'kachipinda ka mu Limbe, waya wa magetsi wolumikiza ndi pepala la shuga, mayi wachipisi ali pakhomo ndi chiwaya chake?

Kuti okosijeni ndi moyo, ife Amalawi tidaphunzira ndi misozi. Pa 12 Januwale 2021, tsiku limodzi, Covid idatenga nduna ziwiri: a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, mwana wa kuchigwa amene ogulitsa nyama nonse mukuwakumbuka. Tsiku lomwelo a Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko, adalengeza kuti dziko lili pangozi. Masabata amenewo abale ankathamanga ndi masilinda mumzinda, ndipo mlembi Onjezani Kenani adasonkhetsa ndalama pa Facebook zogulira zipangizo za okosijeni m'zipatala. Ku Queens, makina opanga okosijeni amene a Malawi-Liverpool-Wellcome adathandiza kuika mu 2020 adapulumutsa ambiri. Okosijeni amene Chikwawa ndi Nsanje akumufuna ndi ameneyo: wa pamphuno pa mwana wa chibayo, wa khanda lobadwa masiku asanakwane, wa mayi amene wataya magazi pochira. Tikamakamba za makina osefa mpweya tizikumbukanso kuti amadya magetsi. Namondwe Ana ataphwanya damu la Kapichira ku Chikwawa komweko mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka ndi miyezi, ndipo chipatala chikakhala mumdima kamakina kaja kamangokhala ngati bokosi.

Tsono kutopa kwa pamsika kumene alamu amafuna kuchiza ndi zipi, gwero lake nthawi zambiri n'lodziwika. Kuchigwa malungo satha, ndipo malungo amadya timaselo tofiira tija. Likodzo ndi njoka za m'mimba nazo zimachepetsa magazi. Munthu wochepa magazi vuto lake si kusowa kwa okwera, ndi kuchepa kwa malole, ndiye chimene akufunika ndi kuyezetsa magazi ndi kulandira mankhwala. Wina ndi shuga, wina BP, wina wangouma m'thupi chifukwa wakhala tsiku lonse pa Dyeratu osamwa madzi poopa kusiya benchi. Ndipo m'zipatala zambiri muli kachipangizo kopana chala kamene kamaonetsa nambala ya okosijeni m'magazi pakamphindi. Ikatsika pansi pa 90, pamenepo ndiye pali nkhani.

Pali ngozi imodzi imene ikukhudza ife mwachindunji, ndipo ili pamndandanda wa zimene thanki yeniyeni ija imachiza. Ndi mbaula. Mwezi wa Juni kukachita chiperoni, alonda a pamsika ndi ena ogona m'maokala amalowetsa mbaula m'kati n'kutseka chitseko ndi mawindo omwe. Makala akamayaka mosakwanira amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, koma umakakamira pa timaselo tofiira mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200, ndiye umalanda mipando yonse mu lole. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo munthu amangoti ndigone pang'ono. Mukapeza mnzanu ali choncho pafupi ndi mbaula, tsegulani zitseko, mutulutsireni panja msanga, musamumwetse mkaka kapena china chilichonse ngati wakomoka, ndipo thamangani naye kuchipatala. Mukafika muwauze anamwino kuti mwamupeza ndi mbaula m'nyumba yotseka, kuti amuike pa okosijeni nthawi yomweyo.