Thukuta si mafuta: musanagule lamba wotentha ndi tiyi wochepetsa thupi

Mwina mwawaonapo malondawa pa WhatsApp kapena pa Boma la Mangochi: tiyi wa zitsamba "wophwetsa mimba", lamba wotenthetsa m'chiuno, kapena nyale ya infrared yomwe akuti mukaiphatikiza ndi zitsamba, mafuta amasungunuka. Inu a kwa Mponda, musanamasule ndalama pa chitenje, tamvani izi.

Vutoli lilipodi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015–16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyezo. Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, koma kunenepa kwambiri kumaitana shuga, BP ndi matenda ofa ziwalo.

Nanga nyaleyo imatani? Kuwala kwa infrared kumatenthetsa khungu, inu n'kutuluka thukuta. Sikelo imatsikadi, koma chomwe chachoka ndi madzi. Mukamwa makapu angapo, kulemera kuja kwabwerera. Ndi dzuwa la mu Okutobala la kunyanja kuno, kudzitenthetsanso kungakuthereni madzi m'thupi, makamaka ngati mumamwa mankhwala a BP, muli ndi shuga kapena ndinu oyembekezera.

Tiyi uja nayenso ngwofunika kusamala. Wambiri amakhala ndi masamba a senna, omwe amangotsegula m'mimba. Kunja kuno, mankhwala ena olembedwa kuti "achilengedwe" anapezeka ndi sibutramine, yemwe analetsedwa ku Ulaya mu 2010 chifukwa choonjezera ngozi ya matenda a mtima. Zitsamba zina zimasokonezanso ma ARV. Choncho funsani ngati bungwe loona za mankhwala la PMRA linawavomereza, ndipo muwaonetse adokotala musanamwe.

Njira yothandiza ili pakhomo panu pomwe. Chepetsani mitanda ya nsima, ndipo ikhale ya mgaiwa. Usipa ndi utaka muziphika kapena kuwamba m'malo mokazinga m'mafuta ambiri. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani zisasowe m'mbale. Zakumwa zotsekemera, mandasi ndi tchipisi cha pachiwaya zikhale za apo ndi apo. Bungwe la WHO limalangiza mphindi 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi: kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu, m'mawa kusanatenthe, m'malo mokwera kabaza.

Lero tengani tepi ya telala muyeze m'chiuno, molunjika mchombo. Mukapitirira masentimita 88 amayi, kapena 102 abambo, pitani kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Mangochi akakuyezeni BP ndi shuga.