Viza ikachedwa, phungu angachitepo chiyani?

Kwa zaka zambiri ntchito yanga inali yolandira anthu mu ofesi ya phungu wa nyumba ya malamulo kuno kum'mawa kwa Zambia. Ndinkamva madandaulo awo, kuwalemba m'buku, ndi kukonza makalata oti a phungu asayine akabwera kuchokera ku Lusaka. Ambiri amabwera ndi nkhani za mjigo wowonongeka, fetereza wochedwa, kapena basare ya thumba la chitukuko cha dera (CDF). Koma pa benchi sipalephera munthu wofumbatira envulopu ya khaki yothaitha m'makona, m'kati muli mafotokope a pasipoti ndi risiti yofufutika. Ameneyo nkhani yake ndi viza kapena chilolezo chokhalira m'dziko, ndipo mawu ake amakhala amodzimodzi: "Tinapereka zonse, koma kuli zii. A phungu akangoyimba foni zitheka."

Ndikufuna kufotokoza zimene zimachitika envulopu ija ikasiyidwa pa tebulo, chifukwa anthu ambiri amataya ndalama ya thiransipoti ndi miyezi yambiri pogogoda pa khomo lolakwika.

Funso langa loyamba linali lakuti: pepala mukudikiralo alipereke ndani, boma la Zambia kapena boma la dziko lina? Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Tiyambe ndi za kwathu. Kuno ku Katete, Sinda ndi Vubwi malire anadutsa pakati pa abale. Mzere wotilekanitsa ndi Mozambique unachokera pa pangano la Britain ndi Portugal la 1891, ndipo sunafunse kuti manda a makolo ali mbali iti. Mu Ogasiti mafumu ndi anthu a ku Malawi ndi Mozambique amadzaza ku Mkaika kudzachita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, chilankhulo chimodzi, gule mmodzi. Mnyamata wa kwa mfumu Pembamoyo kukwatira ku Mchinji ku Malawi si nkhani yodabwitsa. Koma lamulo limayang'ana pasipoti. Mmalawi kapena munthu wa ku Mozambique safuna viza polowa pa Mwami kapena pa Chanida, komabe amalowa ngati mlendo, ndipo mlendo wamba amaloledwa masiku osapitirira 90 pa miyezi 12. Wofuna kukhazikika pa banja ayenera kupempha chilolezo cha mkazi kapena mwamuna wa nzika. Wobwera kudzagwira ntchito, monga madokotala akunja amene timawaona ku chipatala cha St Francis, ali ndi chilolezo chake, wobwera kudzaphunzira nayenso chake.

Zilolezo zonsezi zili m'manja mwa nthambi ya imigireshoni, yomwe ili pansi pa unduna wa za m'dziko ndipo imayendera lamulo nambala 18 la 2010. Likulu lake lili ku Kent Building ku Lusaka, ndipo ofesi yaikulu ya chigawo chathu ili ku Chipata. Masiku ano pempho limaperekedwa pa intaneti, ndipo pali komiti imene imakhala pansi kuunika mapempho a zilolezo. Phungu mulibe m'komitiyo. Sangalamule kuti chidindo chigwe, ndipo ofisala amene angapereke chilolezo chifukwa choopa wandale ndiye kuti waphwanya lamulo lomwe analumbira kulisunga.

Mphamvu ya phungu ndi yofunsa n'kuyankhidwa. Kalata ya munthu wa m'mudzi ikhoza kugona m'thireyi, koma kalata yokhala ndi chizindikiro cha nyumba ya malamulo imakakamiza wina kutsegula fayilo kuti adziwe choyankha. Zimenezi zikuoneka zochepa, koma nthawi zambiri ndizo zikusowa, chifukwa mafayilo ambiri ochedwa sanakanidwe. Anangoima podikira kanthu kena kamene mwini wake sakudziwa n'komwe.

Mayi wina wachikulire anabwera ndi mpongozi wake wochokera kutsidya kwa malire a Malawi, mwana ali kumbuyo. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa risiti yopindidwa kanayi.

"Mwananga, mpongozi wangayu akumuchedwetsa dala chifukwa ndife osauka. Uwauze a phungu."

"Amayi, fomu ya pa intaneti anakulemberani ndani?"

"Mnyamata wa pa shopu ya makompyuta pa boma."

"Nanga imelo imene analembapo ndi ya ndani?"

Anayang'anana. Imelo inali ya mnyamata wa pa shopu uja, yemwe anali atasamuka kale. Titamupeza pa foni n'kutsegula akaunti, tinaona uthenga umene unakhala pamenepo miyezi: tumizani chikalata cha ukwati. Banjali linamanga ukwati wa chikhalidwe, ankhoswe analipo, nkhuku inadyedwa, koma pepala panalibe. Njira inali yopita ku lokolo khoti ndi ankhoswe a mbali zonse kukatenga chikalata. Kalata ya a phungu inangoperekeza chikalatacho ndi kupempha kuti fayilo iyambenso kuyenda.

Nkhani zamtunduwu n'zambiri kuposa za kukondera. Dzina pa reji (chitupa cha unzika) lalembedwa Phiri Tiyanjane, pa pasipoti Tiyanjani Phiri. Chaka chobadwa chasiyana. Pasipoti yatsala miyezi yochepa kuti ithe. Ndalama inalipidwa koma risiti inasowa. Ndiye mukamabwera ku ofesi ya phungu, kaya ku Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche kapena Vubwi, nyamulani nambala ya pempho lanu, risiti, tsiku limene munapereka, fotokope ya tsamba la chithunzi ndi tsamba la chidindo cholowera, ndipo muzidziwa imelo ndi mawu achinsinsi otsegulira akaunti yanu. Kalata yopanda nambala ya pempho ili ngati kufunafuna ng'ombe pa dibi osadziwa mtundu wake kapena chizindikiro cha pa khutu. Ofisala ngakhale atafuna kuthandiza alibe poyambira. Mapepala enieni musasiye kwa munthu aliyense, siyani mafotokope.

Pali chinthu china chimene ndinkachinena mobwerezabwereza mpaka ena ankatopa nane. Kalata ya phungu siyiimitsa masiku a mu pasipoti. Ngati chidindo chikuti mlendo atuluke pofika tsiku lakutilakuti, tsikulo lisanakwane apite yekha ku ofesi ya imigireshoni ndi risiti yake, afotokoze kuti akudikira yankho, ndipo amve chimene angamuuze. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene masiku ake atha ali phee kunyumba akhoza kumangidwa pa rodibuloko ya pa Great East Road, ndipo pamenepo nkhani yasintha, yasanduka mlandu.

Tsopano za mayiko ena, kumene mitima imasweka kwambiri. Mwana wapeza malo pa yunivesite ku Britain, sukulu ikutsegulidwa, viza kulibe. Mayi akufuna kukaona mdzukulu ku America. Namwino wapeza ntchito kunja. Apa ndiyenera kunena mosabisa: phungu wa ku Zambia alibe mphamvu ina iliyonse pa ofesi ya kazembe wa dziko lina. Dziko lililonse limasankha lokha woti alowe. Viza ya ku Britain imagamulidwa ndi unduna wawo wa Home Office, ndipo pa malo pamene mumasiya pasipoti ndi kudinda zala ku Lusaka amangolandira ndi kutumiza. Pamene America inalamula kuti kuyambira pa 20 Ogasiti 2025 anthu a ku Zambia ndi Malawi ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, panalibe phungu wa nyumba yathu ya malamulo ku Manda Hill amene akanachotsera munthu wake ngakhale dola imodzi. Zoterezi amakambirana ndi maboma, kudzera ku unduna wa za ubale ndi mayiko ena.

Khomo loyenera lili kutsidya komweko. Ku America aphungu a Congress ali ndi antchito olembedwera kutsata nkhani zotere, ndipo mbale wanu wokhala kumeneko akhoza kupita kwa phungu wa dera lake. Adzamupatsa fomu yoti asayine, chifukwa lamulo lawo la 1974 loteteza zinsinsi za munthu sililola ofesi ya boma kuulula za fayilo popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake. Ku Britain nako phungu amalembera Home Office m'malo mwa munthu wokhala m'dera lake, ndipo mwambo wawo ndi wakuti phungu sagwira nkhani ya munthu wa dera la mnzake. Choncho amene ayenera kuyenda ndi mwana wanu wa ku Leeds kapena mlongo wanu wa ku Texas, kapenanso yunivesite ndi kampani imene yakuitanani. Ngakhale kumeneko phungu sapereka viza. Amafunsa pamene fayilo yafika, ndipo ngati pali chifukwa chachangu monga matenda aakulu kapena maliro, amapempha kuti ionedwe msanga.

Anthu ena amafuna kalata ya phungu yoikira umboni kuti munthuyu ndi wabwino ndipo adzabwerera. Ine sindinkailimbikitsa. Wopereka viza amayang'ana za kubanki, ntchito, munda, banja ndi chifukwa cha ulendo. Kalata ya wandale amene sakukudziwani bwino siionjezera kanthu, ndipo ikanena zosiyana ndi zimene munalemba pa fomu imakuwonongerani. Pamene phungu wathu angathandizedi pa ulendo wakunja ndi pa mapepala a mbali ya kwathu: pasipoti yochedwa, chikalata cha kubadwa, reji yolakwika dzina. Zimenezo zili ku nthambi ya boma lathu yoona za kalembera, mapasipoti ndi unzika, ndipo kumeneko kalata yake imamveka.

Za ndalama ndinene mwachidule. Ofesi ya phungu ndi ya nyumba ya malamulo, antchito ake amalipidwa ndi misonkho yanu, ndipo thandizo lake ndi laulere. Safunsa khadi la chipani kapena amene munamuvotera. Munthu akakuimitsani pa khonde n'kunena kuti "ndine wa pafupi ndi a Honourable, ingondipatsani ya mafuta ndikakankhe fayilo", dziwani kuti mukuberedwa, ndipo ngati ndalamayo ikupitadi kwa ofisala, wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu pa lamulo lothana ndi ziphuphu la 2012. Khansala ndi amfumu nawonso ali ndi gawo lawo: kalata yawo yotsimikiza kuti banja likukhaladi m'mudzi mwakuti imalimbitsa fayilo, ngakhale kuti iwo sangaigamule.

Anthu ambiri sadziwa kuti pali ofesi ina imene inakhazikitsidwira kuchedwa kwa maofesi a boma lathu. Malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2016, kunabwera ofesi ya Public Protector m'malo mwa Investigator General, ndipo ntchito yake ndi kufufuza madandaulo a anthu pa kayendetsedwe koipa ka ntchito za boma, kuphatikizapo kuchedwetsa zinthu popanda chifukwa. Salipiritsa. Ngati mapepala anu ali okwanira, mwakumbutsa polemba kalata, phungu wafunsa, koma yankho kulibe, pitani kumeneko. Ngati pempho la chilolezo cha kuno kwathu lakanidwa, imeneyo si nkhani ya kuchedwanso: pali njira yochitira apilo kwa nduna, ndipo nthawi yake ndi yochepa, choncho onanani msanga ndi loya kapena a Legal Aid Board.

Pali chimene chinkandivuta mumtima pa ntchitoyi. Kalata iliyonse imene tinkalemba inkathandiza munthu mmodzi amene anakwanitsa kulipira njinga yamoto kufika pa boma. Fayilo yake ikakwera pamwamba, ya mayi wina wa kufupi ndi malire amene sadziwa n'komwe kuti ofesi ya phungu ilipo inkatsikira pansi. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti buku la madandaulo lija ndi lofunika kuposa makalata. Phungu akaona kuti mabanja ambiri a m'dera lake akuvutika ndi chinthu chimodzi, ali ndi zida zimene wina aliyense alibe. Akhoza kufunsa nduna funso m'nyumba ya malamulo, yankho n'kulembedwa mu Hansard kuti aliyense aliwerenge. Akhoza kufunsa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko pa nthawi ya mafunso ya Lachisanu. Akhoza kutengera nkhaniyo ku komiti yoona za chitetezo cha dziko ndi ubale ndi mayiko ena, imene imaitana akuluakulu a nthambi kudzayankha.

Ndikanakonda aphungu a Katete, Sinda ndi Vubwi atagwirizana n'kufunsa nduna ya za m'dziko mafunso awa: mapempho angati a zilolezo za mabanja ochokera m'chigawo cha kum'mawa akudikira yankho, akhala miyezi ingati, ndi angati anaima chifukwa chosowa chikalata cha ukwati? Afunsenso ngati maofisala angamafike ku Vubwi ndi ku Sinda pa masiku odziwika, ndi kompyuta yawo, kuti anthu opanda imelo azidzionera okha pamene fayilo yawo yafika ndi kuuzidwa m'Chichewa chimene chikusowa.