Nsonga ya bere ikamawawa: chimayambitsa n'chiyani?

Ngati mukuyamwitsa ndipo nsonga ya bere ikuwawa kapena yang'ambika, yambani mwaona mmene mwana akugwirira bere. Nthawi zambiri vuto limagona pamenepo. Mwana akamayamwa kansonga kokha, amakakhula mpaka kuchita zilonda. Azitsekula kukamwa kwambiri, mbali yaikulu ya malo akuda ozungulira nsonga ilowe m'kamwa, chibwano chikhudze bere. Pomuchotsa musamukoke, lowetsani chala chosamba m'mbali mwa kamwa kuti asiye yekha.

Akamaliza, finyani timadontho ta mkaka, pakani pansongapo n'kupasiya paume. Sopo ayi, amaumitsa khungu. Ndi mmene kumatenthera ku Chigwa cha Shire, bra yothina yonyowa ndi thukuta imangowonjezera ululu.

Musafulumire kusiyitsa mwana. Bere likadzaza limapweteka koposa, komanso mwana amafunika kuyamwa mwakathithi kwa miyezi 6.

Kwa amene sakuyamwitsa, nsonga zimatha kuwawa msambo ukayandikira, mimba ikangoyamba, kapena pa nthawi yotha msinkhu, ngakhale kwa anyamata. Izi zimatha zokha.

Koma bere likatupa, kufiira, thupi n'kutentha, kapena m'kamwa mwa mwana mukaoneka zoyerayera, musadikire tsiku la sikelo. Ngati muli ku Chapananga, pitani kuchipatala cha Chapananga kapena cha boma ku Chikwawa. Mayi amene ali ndi HIV apite msanga nsonga ikang'ambika, chifukwa chilonda chimawonjezera mpata wopatsira mwana kachilombo.

Chotupa m'bere, nsonga yotuluka magazi kapena yoyamba kulowa mkati, kapimitseni khansa.